Malo osungirako mathiramu akale a ku Crich

National Tramway Museum, yomwe imadziwikanso ndi dzina loti Crich Tramway Village, ndi malo osungirako mathiramu akale omwe ali m'mudzi wa Crich, kufupi ndi tauni ya Matlock, m'chigawo cha Derbyshire ku England. Mwini malowa ndi bungwe la Tramway Museum Society lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1955. Pamalopa pali mathiramu oposa 60, ndipo ena mwa iwo amanyamulabe alendo pa njanji yotalika pafupifupi makilomita 1.6.

M'nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale, zinthu zimangoikidwa poonekera kuti anthu azione. Ku Crich mathiramu amakonzedwa kuti aziyenda monga ankayendera kale. Malowa anayambitsidwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo mpaka pano ambiri mwa madalaivala, makondakitala ndi othandiza pa ntchito zokonza salandira malipiro. Chimene amasunga si matabwa ndi zitsulo zokha ayi, komanso luso lokonza ndi kuyendetsa galimoto zimenezi, lomwe likanatha pamodzi ndi anthu amene ankagwira ntchitoyi kale.

Thiramu ndi kayendedwe kake

Thiramu ndi galimoto yonyamula anthu ambiri yomwe imayenda pa njanji yoyalidwa mumsewu wa m'tauni, momwenso mumadutsa galimoto zina ndi anthu apansi. Imasiyana ndi sitima yapamtunda chifukwa ndi yaifupi, ndi yopepukirapo, imatha kukhota pa ngodya za misewu, ndipo imaima pafupipafupi ngati basi. Mathiramu oyamba ankakokedwa ndi mahatchi. Kenako kunabwera okokedwa ndi injini za nthunzi, ndipo pomaliza kunabwera oyendera magetsi.

Thiramu yamagetsi imatenga mphamvu kuchokera ku waya womangidwa pamwamba pa msewu. Padenga pake pamakhala ndodo yachitsulo yaitali imene masipuling'i amaikankhira m'mwamba kuti izikhudza wayayo nthawi zonse. Magetsi amatsika ndi ndodoyo, n'kudutsa m'chowongolera chomwe dalaivala amagwira, n'kulowa m'mamota omwe ali pansi pafupi ndi mawilo. Akachoka m'mamota amabwerera kudzera m'mawilo achitsulo ndi m'njanji. N'chifukwa chake thiramu imangofunika waya mmodzi pamwamba. Ku Crich waya ameneyu amanyamula magetsi a mtundu wa DC a mavoliti 600, ndipo mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi mamilimita 1,435.

Kutha kwa mathiramu ku Britain

Njanji yoyamba ya thiramu mumsewu ku Britain inatsegulidwa ku Birkenhead m'chaka cha 1860, ndipo anaiyambitsa ndi George Francis Train wa ku America. Tauni ya Blackpool inayamba kuyendetsa mathiramu amagetsi mu 1885. Pofika m'zaka za m'ma 1920, m'dzikomo munali mathiramu oposa 14,000, ndipo ambiri anali a makhonsolo a mizinda. Anthu ogwira ntchito m'mafakitale ankawadalira kwambiri chifukwa mtengo wake unali wotsika.

Zinthu zinayamba kusintha mabasi atachuluka. Basi siifuna njanji kapena waya, ndipo ingathe kupita kulikonse kumene kwamangidwa nyumba zatsopano. Komanso lamulo la m'chaka cha 1870 linkakakamiza eni mathiramu kukonza gawo la msewu la pakati pa njanji ndi la m'mbali mwake, ngakhale kuti amene ankaliwononga kwambiri anali eni galimoto zina. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, njanji zambiri zinali zitatha ntchito, ndipo makhonsolo anaona kuti kugula mabasi n'kotchipa kusiyana ndi kuyala njanji zatsopano.

Motero mizinda inayamba kutseka njanji zake. Ku London thiramu yomaliza inayenda mu Julayi 1952, ku Leeds mu 1959, ku Sheffield mu 1960, ndipo ku Glasgow mu Sepitembala 1962. Pa zilumba zazikulu za Britain, ndi ku Blackpool kokha kumene mathiramu amagetsi a mumsewu sanasiye kuyenda. Mathiramu ochuluka anaphwasulidwa. Ku London ambiri anawotchedwa pa bwalo lina ku Charlton kuti patsale zitsulo zogulitsa. Ena ankachotsedwa mawilo ndi mamota, thupi lake n'kugulitsidwa kwa alimi ndi anthu ena omwe ankalisandutsa khola la nkhuku, mosungira katundu kapena kanyumba kogona patchuthi.

Chiyambi cha bungwe

Mu Ogasiti 1948, gulu la anthu okonda mathiramu a m'bungwe la Light Railway Transport League linapita ku Southampton kukakwera mathiramu a mumzindawo asanathetsedwe. Paulendowo anagwirizana zogula imodzi mwa mathiramu amene anakwera, ndipo analipira mapaundi 10. Thiramuyo, nambala 45, inapangidwa mu 1903. Ndi yosanjikizana koma pamwamba pake palibe denga, ndipo inapangidwa yaifupi msinkhu kuti izitha kudutsa pansi pa Bargate, chipata chakale chamiyala cha mumzindawo.

Kugula kunali kosavuta, koma posunga panalibe. Thiramu ndi chinthu chachikulu cholemera matani angapo, ndipo ikakhala pamvula matabwa ake amawola msanga. Kwa zaka zoposa khumi, Southampton 45 inkasungidwa mobwereka malo, poyamba ku Blackpool ndipo kenako ku Beaulieu. Mathiramu ena amene gululi linapulumutsa anabalalikanso m'malo osiyanasiyana. Vuto limeneli ndi lomwe linachititsa kuti mu 1955 pakhazikitsidwe Tramway Museum Society, bungwe lomwe cholinga chake chinali kupeza malo okhazikika osungirako mathiramu ndi kuwayendetsa. Mu 1963 bungweli linavomerezedwa ngati bungwe lachifundo loona za maphunziro.

Kupeza malo ku Crich

Malo amene bungweli linapeza anali kwale yokumbako miyala ya laimu. Mbiri yake ikukhudza George Stephenson, katswiri wodziwika pa ntchito za njanji. M'zaka za m'ma 1830, pomanga njanji yochokera ku Derby kupita ku Leeds, anapeza malasha ku Clay Cross. Ataona kuti paphiri la Crich pali miyala yabwino, anamanga kanjanji kotsitsira miyalayo ku Ambergate, kumene ankaiwotcha m'ng'anjo ndi malasha aja kuti apange laimu. Kanjanjika kanagwira ntchito zaka zoposa 100 mpaka kanatsekedwa m'zaka za m'ma 1950.

Amene anadziwitsa bungweli za malowa anali anthu enanso ongodzipereka, a njanji ya Talyllyn ya ku Wales, omwe anabwera ku Crich kudzazula zitsulo za kanjanji kaja kuti akazigwiritse ntchito kwawo. Mu 1959 bungwe la mathiramu linachita lendi gawo la malowo pamodzi ndi nyumba zingapo zakale. Thiramu yoyamba kufika inali Cardiff 131, yomwe kale sinkanyamula anthu koma madzi otsukira njanji.

Malowo anali thengo, matope ndi miyala. Mamembala ankabwera kumapeto kwa sabata kuchokera m'mizinda yakutali kudzasalaza nthaka, kuyala njanji zomwe anagula m'mizinda yotseka mathiramu, kuimika mapolo, kumanga mawaya ndi kumanga magalaja. Mu 1963 alendo anakwera koyamba thiramu yokokedwa ndi hatchi, Sheffield 15, ndipo mu 1964 mathiramu amagetsi anayamba kuyenda. Njanji inatalikitsidwa kufika ku Wakebridge mu 1968 ndi ku Glory Mine mu 1978.

Ntchito yokonza thiramu yakale

Kukonza thiramu imodzi kumatenga zaka, makamaka ngati inapezeka ili thupi lokha. Ntchitoyi imagwiridwa mu wekishopu ya pamalopa, momwe amisiri olembedwa ntchito amagwira limodzi ndi ongodzipereka.

Choyamba ndi kufufuza. Pamoyo wake thiramu imodzi inkasinthidwa kangapo: kuikidwa denga, kutsekedwa makhonde, kusinthidwa mipando kapena penti. Choncho okonza amayamba agwirizana za chaka chimene akufuna kuti thiramuyo ioneke monga inalili. Amaona zithunzi zakale, mapulani a ku fakitale ndi mabuku a makhonsolo, ndipo zambiri mwa zimenezi zili mulaibulale ya pamalopa. Amapalanso penti pang'onopang'ono kuti aone mitundu ndi zilembo zomwe zinakwiririka pansi. Ngakhale mabowo a misomali amathandiza kudziwa pamene panali chogwirira kapena nyale.

Chachiwiri ndi thupi. Mathiramu ambiri akale anali ndi mafelemu a mitengo yolimba, olumikizidwa ndi mano osema ndi mabawuti. Akalipentala amaphwasula thupilo, kulemba nambala pa thabwa lililonse, ndi kuona lomwe likadali lolimba. Lowola amalisemera lina lofanana nalo ndendende. Denga amalikuta ndi nsalu yokhuthala yomwe amaimata ndi penti kuti madzi asalowe.

Chachitatu ndi zapansi: mawilo, masipuling'i, mabuleki ndi mamota. Mawilo achitsulo akaperepeseka amasemedwa pa makina kuti agwirenso bwino njanji. Mamota amatsegulidwa, ndipo mawaya a mkati mwake akapezeka opsa amakulungidwa atsopano. Mawaya onse amagetsi a m'thupi amasinthidwa chifukwa zokutira zake zakale zimakhala zitafumbutuka ndipo zingayambitse moto. Ngati thiramu inapezeka yopanda zapansi, okonza amafunafuna zofanana nazo m'mizinda ya kunja komwe mathiramu akale anakhalitsa, kapena amapangitsa zatsopano potsata mapulani akale. Palibe sitolo yogulitsa zipangizo zoterezi, choncho kachitsulo kamodzi kosowa kangaimitse ntchito kwa miyezi.

Chomaliza ndi penti. Amapaka ndi bulashi, osati kupopera, ndipo amabwereza kambirimbiri, kukwecha akamaliza ulendo uliwonse mpaka thupi litasalala. Kenako wolemba zikwangwani amajambula pamanja mizere, manambala ndi chizindikiro cha mzinda, nthawi zina ndi timapepala ta golide topyapyala kwambiri, ndipo pamwamba pake amapakapo vanishi.

Zitsanzo ziwiri zikuonetsa kukula kwa ntchitoyi. Chesterfield 7 inapangidwa mu 1904, ndipo mathiramu a m'tauni ya Chesterfield atathetsedwa mu 1927, inasanduka kanyumba kokhalamo anthu kwa zaka zambiri. Inakonzedwa m'zaka za m'ma 1990 ndipo inayambanso kunyamula anthu. London United Tramways 159, ya m'chaka cha 1902, inapezeka itamangidwira m'nyumba ina m'chigawo cha Surrey, ndipo inayendanso mu 2012. Ndalama za ntchito zotere zimachokera kwa alendo olipira pakhomo, kwa mamembala, ku chuma chimene ena amasiyira bungweli akamwalira, ndi ku mabungwe othandiza monga London County Council Tramways Trust, lomwe limasonkha ndalama zokonzera mathiramu a ku London.

Kuyendetsa mathiramu

Thiramu iliyonse imayenda ndi anthu osachepera awiri, dalaivala ndi kondakitala, omwe amavala yunifolomu ngati ya kale. Munthu wongodzipereka amayamba ndi ukondakitala. Akazolowera ndi pamene amaphunzira kuyendetsa, ndipo amayesedwa mayeso a malamulo, a kuyendetsa ndi a zaumoyo. Popeza mathiramuwa anachokera m'mizinda yosiyana ndipo anapangidwa m'zaka zosiyana, dalaivala amafunika kuphunzira mtundu uliwonse pawokha.

Thiramu ilibe chiwongolero chokhotetsera chifukwa njanji ndi imene imaitsogolera. M'mathiramu ambiri akale dalaivala amayendetsa ali chiimire. Dzanja lamanzere limagwira chogwirira cha magetsi, chomwe amachisuntha sitepe imodzi imodzi kuti mphamvu yopita ku mamota iwonjezeke pang'onopang'ono. Akachisuntha mofulumira thiramu imadzuka modzidzimutsa, ndipo akachisiya nthawi yaitali pa masitepe oyambirira, zitsulo zochepetsa mphamvu ya magetsi zimatentha kwambiri. Dzanja lamanja limagwira buleki. M'mathiramu akale kwambiri buleki imeneyi ndi yopukusa pamanja: imakoka tcheni chomwe chimapanikiza zitsulo ku mawilo. Ena ali ndi mabuleki a mpweya kapena a magetsi. Ndi phazi, dalaivala amaliza belu lochenjeza anthu ndiponso amathira mchenga pa njanji. Mchengawu ndi wofunika chifukwa chitsulo chimaterera pa chitsulo chinzake kukagwa mvula kapena masamba, ndipo thiramu singaime pafupi monga imachitira galimoto ya matayala a labala.

Kondakitala amayang'anira okwera, amadula matikiti ndi kachipangizo koboolera, ndipo amauza dalaivala zonyamuka kapena kuima poliza belu. Thiramu ikafika kumapeto kwa njanji siitembenuka. Dalaivala amangosamukira kumbali inayo, pakuti mbali zonse ziwiri zili ndi zoyendetsera. Kondakitala amakoka ndodo yapadenga ija ndi chingwe kapena ndi nsungwi yaitali, n'kuizunguliza kuti iloze kumbuyo, kenako n'kuikolekanso pa waya. Amatembenuzanso zotsamira za mipando kuti okwera ayang'ane kumene akupita.

Pali ongodzipereka enanso ambiri amene alendo sawaona kwenikweni: okonza njanji ndi mawaya, otsuka mathiramu, osamalira mabuku ndi zithunzi, olima maluwa ndi ofotokozera ana a sukulu. M'nyengo yozizira malowa amatsekedwa kwa alendo, ndipo imeneyi ndiyo nthawi ya ntchito zikuluzikulu za pa njanji.

Ena mwa mathiramu a pamalopa

Ambiri mwa mathiramu a ku Crich anachokera m'mizinda ya ku Britain monga Glasgow, Sheffield, Leeds, Blackpool ndi London. Sheffield 510, ya m'chaka cha 1950, inayenda nawo pa mwambo wotsazika mathiramu a mumzindawo mu 1960, itangogwira ntchito zaka khumi zokha. Palinso ochokera kunja. Oporto 9, ya ku Portugal, inapangidwa mu 1873. New York 674, ya mu 1939, inatumizidwa ku Vienna nkhondo yachiwiri itatha kukathandiza mzinda womwe mathiramu ake anawonongeka. Prague 180 inafika ku Crich mu 1968. Thiramu ina ya ku Berlin inaikidwa chikepe chokwezera anthu oyenda pa njinga za olumala.

Kuchokera ku Africa kuli Johannesburg 60. Inapangidwa ku Preston, ku England, mu 1905 n'kutumizidwa ku South Africa, kumene mathiramu amagetsi anayenda m'misewu ya Johannesburg kuyambira mu 1906 mpaka mu 1961. Zaka zimenezi n'zomwe amuna ambiri ochokera ku Nyasaland ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'nyumba za ku Joni. Njanji za mumzindawo zitatsekedwa, thiramuyi inabwezedwa ku England.

Msewu wakale

Kuti alendo aone thiramu m'malo ofanana ndi momwe inkayenda, bungweli linamanga msewu wooneka ngati wa m'tauni yakale, woyalidwa miyala, wokhala ndi nyale ndi zikwangwani zakale. Nyumba zina zinaphwasulidwa kwina n'kudzamangidwanso pano. Zina mwa izo ndi khoma lakumaso la Assembly Rooms ya ku Derby, nyumba yomweramo mowa ya Red Lion yochokera ku Stoke-on-Trent, ndi mlatho wachitsulo wa Bowes-Lyon wochokera ku Hertfordshire. Ikatuluka mumsewuwu, njanji imadutsa m'nkhalango ndi m'mbali mwa kwale, n'kukwera mpaka pamalo oonekera chigwa cha mtsinje wa Derwent.

Mwambo wodziwika wa pamalopa ndi wopatsa mlendo kobiri lakale pakhomo kuti akalipire kwa kondakitala. Makobiri 240 otere ankakwana paundi imodzi. Britain inasiya kuwerenga ndalama mwanjira imeneyi mu 1971, chaka chomwenso Malawi anasiya mapaundi, masheleni ndi makobiri n'kuyamba kwacha ndi tambala.

Kusunga kapena kuyendetsa

Pali funso lomwe malo onse otere amalimbana nalo. Thiramu ikamayenda imatha: mawilo amaperepeseka, matabwa amagwedera, mipando imang'ambika. Chilichonse chosinthidwa chimachepetsa zinthu zenizeni zakale zomwe zatsala, mpaka tsiku lina thiramuyo ingakhale yatsopano yongooneka ngati yakale. Koma ikangoimikidwa m'nyumba, anthu sangamve kulira kwa mamota ake kapena kudziwa mmene ulendo unkakhalira, ndipo luso loiyendetsa limaiwalika. Ku Crich amatsata njira zonse ziwiri. Mathiramu ena amasungidwa m'holo yachionetsero osayenda, ndipo omwe amayenda amasinthanasinthana ndi kupimidwa kawirikawiri. Chilichonse chochotsedwa kapena kusinthidwa chimalembedwa.

Vuto lina ndi la chitetezo. Ngakhale kuti ogwira ntchito ambiri salipidwa, malowa amanyamula anthu, choncho amatsata malamulo a boma okhudza njanji, ndipo amayang'aniridwa ndi nthambi ya Office of Rail and Road. Thiramu ya zaka zoposa 100 iyenera kuima bwinobwino ikamangidwa buleki, ndipo mapolo ndi mawaya omwe anaikidwa zaka zambiri zapitazo ayenera kusinthidwa dzimbiri lisanawadye. Zonsezi zimafuna ndalama zambiri.

Vuto lalikulu kwambiri ndi la anthu. Amene anayambitsa malowa anakwerapo mathiramu ali ana, ndipo anaphunzira ntchito kwa anthu omwe anagwirapo m'magalaja a makhonsolo. M'badwo umenewo ukutha. Ntchito monga kukulunga mawaya a mota, kusema felemu yamtengo ndi kulemba zilembo pamanja siziphunzitsidwanso kwambiri, ndipo munthu amaziphunzira poima pafupi ndi wodziwa. Tsogolo la malowa likudalira kupeza achinyamata ofuna kupereka nthawi yawo.

Malo ena ofanana

Ntchito yotereyi ikuchitikanso m'mayiko ena. Seashore Trolley Museum, ku Kennebunkport m'chigawo cha Maine ku America, inayamba mu 1939 pamene anyamata ochepa anagula thiramu imodzi kuti isaphwasulidwe. Illinois Railway Museum inayamba mu 1953 mwanjira yofananayo, ndipo imayendetsa sitima, mathiramu ndi mabasi amagetsi. Njanji ya Talyllyn inayamba kuyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka mu 1951, ndipo inali yoyamba padziko lonse kupulumutsidwa motero.

Pamene malo a ku Crich ankayamba, anthu ambiri ku Britain ankaona thiramu ngati chinthu chachikale chomwe sichidzabweranso. Koma galimoto zitachuluka m'mizinda, mathiramu amakono anayambanso kuyenda ku Manchester mu 1992, ku Sheffield mu 1994, ku Croydon mu 2000, ku Nottingham mu 2004 ndi ku Edinburgh mu 2014. Mizinda ya Sheffield ndi Nottingham ili kufupi ndi Crich, choncho ena mwa ana amene amabwera kudzakwera Sheffield 510 amakwera kale thiramu yamakono kwawo.